Amayi a pa 4 Koloko

3 Marichi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inuyo, alamu ndi mwana wanga Kasingano. Ine kuno kunja ndili bwino, kungoti manja okha ndiye atha.

Musadabwe poona kalata. Ndikudziwa kuti envelopuyi mwaitembenuza kawiri n'kufunsa alamu kuti wamwalira ndani. Sanamwalire munthu. Ndangofuna kulemba basi, monga tinkachitira kale, inu kundilembera malangizo masamba anayi, ine kuyankha mizere itatu.

Ntchito ndi yomwe ija. Timachapa nsalu za chipatala m'chipinda cha pansi pa nthaka, chopanda ndi zenera lomwe. Makina asanu ndi amodzi amazungulira kuyambira m'mawa, moti ukatuluka panja makutu amakhala akulirabe. Nsalu zimatsika pa chipaipi chachikulu kuchokera m'mawodi a pamwamba. Umangomva kuti phi, mtolo wagwa kumbuyo kwako, osadziwa ngati amene anagonapo wachira kapena ayi. Mnzanga wosita amati tisamaziganizire zimenezo, koma ine mutu wanga sumva. Mankhwala oyeretsera nsalu andidya mpaka timizere ta m'zala tafufutika. Zala zasalala ngati sopo wakutha.

Mwana ali bwanji? Akudya? Tabuleti imene ndinamutumizira ija aziigwiritsanso ntchito pa za kusukulu, osati magemu okhaokha. Masiku ano zinthu zandivuta pang'ono pa nkhani yolankhulana, koma mumuuze kuti palibe tsiku limene limadutsa osamuganizira. Mundilembere zonse, ngakhale zazing'ono: dzino lija linatuluka kapena ayi, nsapato zikumukwanabe kapena zathina.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Poyankha mundilembere nambala yanu ya foni m'munsi mwa kalata, ya alamunso. Musandifunse chifukwa, mutu wanga mukuudziwa.

Ndine mng'ono wanu.

16 Marichi

Mng'ono wanga,

Kalata yako inafika Lachisanu. Alamu ako amatsegula bokosi la ku positi kamodzi pa sabata, ndipo nthawi zonse amapezamo mapepala otsatsa malonda okhaokha, ndiye atabwera nayo anaiika patebulo mwaulemu ngati samani ya kukhoti. Ndinaitembenuza katatu, osati kawiri.

Tonse tili bwino. Makina anga osokera akulira tsiku lonse. Pali mayi wina amene ndikumusokera diresi yabuluu, koma amanenepa pakati pa Lolemba ndi Lachinayi. Ndaiphwasula katatu, ndipo iye akuti vuto ndi tepi yanga. Alamu ako akuti ndimuyeze atangodzuka, asanaone chakudya.

Tsopano za nambala. Nambala ya chiyani, iwe? Si ili m'foni mwakomo? Kapena unandifufuta? Sindilemba. Munthu amene amapeza nthawi yotumiza mauthenga pa tabuleti ya mwana tsiku lililonse, koma n'kumalephera kupereka moni kwa mkulu wake, aifufuze yekha nambalayo. Ukuti zolankhulana zavuta, chonsecho 4 koloko sulephera. Undinamize zina.

Koma nthabwala pambali, ndikuthokoze. Mwanayu mu Januwale anali atandidetsa nkhawa. Ankangokhala pakhonde osalankhula, chakudya kuchigwiragwira basi, ndipo kawiri ndinamupeza akununkhiza juzi yako yakale ija. Chiyambireni kumulankhula tsiku ndi tsiku kumapeto kwa Febuluwale, wasinthiratu. Akaweruka amathamanga, chikwama kuponya pamakina anga, n'kukadzitsekera m'kachipinda kosungira nsalu kaja. Potuluka amakhala akumwetulira yekha. Akudya tsopano, masaya abwerera. Dzino linatuluka, lalikulu ngati la munthu wamkulu, ndipo nsapato zathina, ndamugulira zina.

Nthawi zina ndikazimitsa makina ndimamva mawu ako kuseri kwa chitseko, ukumufunsa kuti, "Wadya, mwana wanga?" Ndimamvanso kuti ukukhosomola. Koma sindilowa, ndipo tabuletiyo sindiigwira. Chaka chatha nditawerenga mauthenga ake unandiuza kuti, "Za ine ndi mwana wanga musamalowerere." Zinandiwawa, koma ndinamva, ndipo ndikusunga mawu ako mpaka lero.

Zala zakozo uzipaka mafuta, ndipo uwauze abwana ako akugulireni magolovesi. Kapena akudikira kuti muyambe kuchapa ndi mafupa?

Ndine mkulu wako.

27 Marichi

Make Kasingano,

Sindidikira yankho la kalata yanga ija, chifukwa mtima ukundiwawa ndipo ndikapanda kulemba ndidzisoka chala. Moni ndapereka, tili bwino. Tsopano tamvera.

Dzulo ndinapeza mwana akufufuza m'sutikesi ya pansi pa bedi. Anatulutsa chikalata chake chobadwira, n'kuchiyala pansi, n'kuchijambula ndi tabuleti. Nditamufunsa anati, "Andituma amayi." Ndinamukhazika pampando, ndipo nkhani inayamba kutuluka pang'onopang'ono, iye akulira. Akuti unamuuza kuti ajambule geti la sukulu, geti la kuno kunyumba, ndi iye mwini atavala yunifomu. Akuti tsiku lotsekera sukulu, Lachisanu pa 10 Epulo, kubwera mnzako wina wamkazi kudzamutenga pa geti la sukulu kuti adzakhale nawe pa holide. Ndipo akuti unamuuza kuti asandiuze ine, chifukwa ndikana, ndili ndi nsanje.

Nsanje ine? Mwanayu ndamulera zaka zitatu. Ndine ndimamupesa, ndine ndinagona naye kuchipatala atathyoka mkono. Ndi wako, sindikukana. Ine sindinapatsidwe wanga, koma sindinaganizepo zokulanda. Ukamufuna, mnzakoyo abwere pakhomo, akhale pampando, ndimuone nkhope, ndimupakire mwana zovala. Osati kumutola pa geti la sukulu ngati katundu wakuba, ine n'kumadikira pano ngati chitsiru.

Ndakuimbira kasanu. Foni imaitana, suyankha. Pakapita mphindi umatumiza meseji yakuti, "Ndili pa ntchito, mayi okondedwa, zonse zakonzedwa." Ndinafunsa kuti mwana wopanda pasipoti adutsa bwanji malire, yankho n'lomwelo. Ndipo unayamba liti kunditchula kuti mayi okondedwa? Ulemu wochuluka choncho ndi wa munthu amene wakwiya, ndikudziwa.

Alamu ako akuti ndisiye, mwana ndi wa mayi wake. Ndasiya. Ndamuuza Kasingano kuti apita, asalire. Ndikumusokera madiresi awiri a paulendo, yachikasu ndi ya timaluwa, kuti asadzaoneke ngati anali kwa anthu osamusamala.

Koma ngakhale wandikhumudwitsa, ndiwe mng'ono wanga, ndiye ndinene. Pita ukaonetse chifuwacho, poti madokotala ali pamwamba pako pomwepo. Ndakhala ndikumvetsera. Ukangoti "Wadya, mwana wanga?" umakhosomola kawiri, kenako chitseko chimamenyeka kumbuyo kwako. Tsiku lililonse chimodzimodzi, kawiri, ndiye chitseko. Mwezi wathunthu chifuwa osasintha ngakhale pang'ono, si zabwino zimenezo.

Ndine mkulu wako, kaya ukundifuna kaya ayi.

29 Marichi

Achemwali,

Kalata yanu ya pa 16 ndinailandira dzulo. Ndinaiwerenga nditaima pa masitepe a kuntchito, ndipo ndinangokhala pansi pomwepo.

Si ine. Amene akulankhula ndi mwana wanga 4 koloko si ine.

Foni yanga inatayika pa 20 Febuluwale. Ndinaiiwala pampando m'basi imene timakwera ambiri a kwathu popita kuntchito. Ndinachita manyazi kukuuzani chifukwa ndi foni imene munandipatsa inu pobwera kuno, ndipo ndinadziwa kuti munena kuti mutu wanga ndi wobowoka. N'chifukwa chake ndinalemba kalata, n'chifukwa chake ndinapempha nambala. Nambala zonse zinali m'menemo, m'mutu mwanga mulibe ndi imodzi yomwe yathunthu.

Choipa kwambiri n'chakuti inalibe loko. Inkatseguka ndi chala, koma zala zitasalala inayamba kundikana ngati ndine mlendo. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuchotseratu lokoyo, ndikuti ndidzaika nambala yachinsinsi mawa. Mawa lake silinafike. Aliyense amene anaitola anangoigwira, n'kupeza moyo wanga wonse uli pambalambanda: zithunzi za mwana, dzina la sukulu, dzina limene ndimamutchula, ndi mauthenga a mawu onse amene ndamutumizira zaka zitatu zimenezi. Simu sindinakatseketse. Amafuna pasipoti, pasipoti ili mu ofesi ya abwana, ndipo ndinati ndi foni chabe, wakubayo agulitsa basi.

Lero masana ndinabwereka foni ya mnzanga wosita n'kuimba nambala yanga. Inaitana katatu. Wina anayankha, koma sanalankhule. Ndinati, "Ndinu ndani? Musiyeni mwana wanga." Ndiye ndinamva mawu anga. "Wadya, mwana wanga?" Kukhosomola kawiri, chitseko. Achemwali, uthenga umenewo ndinaujambula chaka chatha mu Juni ndikudwala chimfine, nditaima pa masitepe omwewa. Ndinaima pakati pa makina ndikudzimva ndekha ndikudzifunsa ngati ndadya, kenako foni inadulidwa.

Tayesa kulowa mu akaunti yanga pa foni ya mnzangayo. Nambala yachinsinsi anaisintha kale.

Chonde chitani izi tsiku lomwe mulandire kalatayi. Mutenge tabuletiyo m'manja mwa mwana. Musamuyankhe munthuyo, musamuopseze, musafufute chilichonse. Muwerenge zonse kuyambira pachiyambi. Zimene ndinanena chaka chatha zija muziiwale, ndinalankhula zopusa chifukwa cha mtima wosowa mwana. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sayenera kudzitsekera yekha ndi tabuleti, ngakhale akulankhula ndi mayi wake. Mumufunse ngati watumiza zithunzi kapena kunena kumene amakhala. Musamumenye, musamukalipire, wolakwa ndine. Mupite nayo kupolisi, mukawauzenso aphunzitsi ake kuti nambala yanga ija si yanganso.

Ndipo nambala yanu, achemwali, ndagwira mwendo wanu. Mulembe manambala akuluakulu.

Ndine mng'ono wanu.

8 Epulo

Achemwali,

Kalata yanu ya pa 27 yandipeza lero, Lachitatu. Kwatsala masiku awiri. Ndikudziwa kuti ino ifika zonse zitachitika kale, koma ndikulembabe chifukwa ndikasiya cholembera ndiyamba kukuwa.

Ine sindinatume munthu. Ndilibe mnzanga amene akubwera kumeneko. Za nsanje sizinatulukepo m'kamwa mwanga. Ndikanakhala kuti popanda inu?

Ndayesa zonse. Manambala oyambirira a foni yanu ndikuwakumbukira, atatu omaliza ndi amene akundithawa. Ndakhala pa mtolo wa nsalu ndi foni ya mnzanga wosita n'kumangoyesa. Ndalankhula ndi bambo wogulitsa matayala, ndi nkhalamba yosamva, ndi mayi wina amene wanditukwana poganiza kuti ndikufuna mwamuna wake. Inu ayi.

Kenako mnzangayo anapeza nambala ya sukulu pa intaneti. Mtima unakhala pansi pang'ono, ndinati basi zatheka. Anayankha ndi akalaliki a mu ofesi. Ndinadzitchula, ndinafotokoza zonse, iwo akumvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Mayi, mulibe manyazi? Mayi ake a mwanayu anatitumizira kale uthenga sabata yatha, pa nambala imene ili m'kaundula wathu. Anatichenjeza kuti mzimayi wina aimba pa nambala yachilendo n'kumati ndi iwo." Ndinatchula tsiku lake lobadwa. Ndinatchula mkono umene anathyoka, ndi chipsera cha pabondo. Iwo anati, "Ananenanso kuti mudziwa zonsezo." Anadula. Ndaimbanso kanayi, sakuyankha.

Apolisi a kuno alemba zonse m'buku, akuti atumiza kwa anzawo a kumeneko, koma sananene kuti liti. Abwana akuti pasipoti andipatsa Lolemba, amene amasunga kiyi kulibe.

Pobwerera ndinakwera basi yomwe ija. Ndinkangoyang'ana m'manja mwa aliyense. Onse ndi anthu a kwathu, timapatsana moni m'mawa uliwonse. Mayi wina amene amakhala mpando wa kumbuyo anandigwira phewa n'kumwetulira, amvekere, "Mwana ali bwanji?" Sindikukumbuka ngati ndinamuuzapo kuti ndili ndi mwana. Mwina ndinamuuza. Sindikudziwanso chilichonse.

Kalata yanga ya pa 29 iyenera kuti ili m'bokosi pano, kapena ili m'njira. Alamu, tsegulani bokosilo. Lachisanu mupite m'mawa, osati madzulo. Ndikudziwa kuti simukundimva.

Ndine mng'ono wanu.

12 Epulo

Mng'ono wanga,

Mwana ali pano. Ndayamba ndi zimenezo kuti upume. Wagona pa mulu wa nsalu pafupi ndi makina anga, ndipo palibe amene wamukhudza.

Kalata yako ya pa 29, yonena za foni yotayika, inafika m'manja mwanga Lachisanu, 11 koloko itangodutsa. Alamu ako anapita ku positi m'mawa chifukwa choti ankakakonzetsa njinga pafupi pomwepo, apo ayi akanapita madzulo monga mwa masiku onse. Ndinali ndikupinda mpendero wa diresi yachiwiri. Ndinangowerenga mpaka pamene unalemba kuti "si ine", n'kutuluka ndi tepi m'khosi, nsapato za mitundu iwiri. Tsiku lotsekera ana amaweruka 11 koloko.

Nditafika, ana ambiri anali atapita. Pa geti panaima mayi wina wa msinkhu wanga, wovala bwino, atanyamula chidole chatsopano chili m'pulasitiki mwake. Nkhope yake ndi ya masiku onse, yoti ungaime naye pamzere ola lathunthu osadzamukumbukira. Anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Ndinu amayi aakulu," anatero. "Diresi yabuluu ija inatheka?"

Munthu ameneyu sindinamuonepo chibadwire, koma akudziwa zimene zili pa makina anga.

"Mwana ali kuti?" ndinamufunsa.

"Inenso ndikumudikira," anayankha, mofatsa ngati tikukamba za mvula.

Ndinafuna kumugwira pakhosi, koma maganizo anali kwa mwana. Ndinakuwira mlonda kuti asamulole kuchoka, ine n'kuthamangira mkati. Mlondayo akuti asanamvetse n'komwe chimene ndikunena, mayiyo anaika chidole pakhoma bwinobwino, n'kuyenda osathamanga, kukakwera galimoto imene inaima kuseri kwa sitolo.

M'makalasi munalibe munthu. Mipando inali itasanjikidwa pa madesiki, mazenera otseka. Akalaliki anati anamuona akutuluka ndi chikwama chake. Ndinaitana dzina lake mpaka mawu kusasa, koma kunali zii. Ndiye ndinakumva iwe. Kumapeto kwa khonde lalitali lija, dzuwa likuswa mtengo, mawu ako ankamveka chapansipansi. "Wadya, mwana wanga?" Kukhosomola, chitseko. Kenako kuyambiranso. Ndinadziwa kuti uli kutali kwambiri, koma ndinawatsatira mawuwo, kudutsa kalasi ndi kalasi, mpaka pa kachipinda kosungira matsache ndi madesiki othyoka.

Anali atakhala pansi kuseri kwa zidebe, chikwama chili kumsana, tabuleti ili pamiyendo. Ankabwereza uthenga uja yekha, ukatha n'kuudinanso. Pamwamba pake mameseji ankalowa motsatizana. "Tuluka, anti akudikira." "Tuluka, mwana wanga." "Usandikhumudwitse." Anakweza maso n'kunena kuti, "Amayi aakulu, sindinapite." Ndinamunyamula mpaka kunyumba, ndi msinkhu wakewo, osamva kulemera.

Tabuleti ili kupolisi. Wapolisi wamkazi amene amaona nkhani za ana anakhala nafe maola awiri akuwerenga. Anapeza kuti wotola foni yako uja anayamba ndi mauthenga ako akale a mawu, kenako n'kumangolemba, ati kuntchito saloledwa kulankhula. Poyamba ankangofunsa za kusukulu. Zithunzi anayamba kupempha sabata yachitatu, chinsinsi sabata yachinayi. Wapolisiyo akuti anthu amenewa sapupuluma, ndipo anamuuza mwana kuti aliyense wa pa foni akangoti "usawauze a kunyumba", akawauze nthawi yomweyo, ngakhale mawuwo akhale a mayi ake. Akuti tikhale ndi funso lathu limene yankho lake silinalembedwe m'foni iliyonse. Iwe akuti utseketse simu ija ndipo uwadziwitse onse amene anali m'foni mwako. Mayi uja sanapezeke mpaka pano.

Dzulo akalaliki anabwera kuno akulira, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti unaimba Lachitatu, iwo n'kukudula. Sindinathe kuwakalipira. Ndiwakalipira bwanji, ine amene ndinamva chifuwa chimodzimodzi masabata asanu n'kumangodandaula za thanzi lako? Unandipempha nambala, ine n'kumachita matama. Ndinakhala pa makinawa n'kumusokera mwana madiresi oti akabedwe atavala. Ndikhululukire, mng'ono wanga. Sindikudya, manyazi ndi mantha zandigwira pamodzi.

Alamu ako asintha loko wa pageti ndipo alipaka utoto wina. Ndikudziwa kuti utoto suthandiza, koma ndawasiya, nawonso akufuna chochita ndi manja awo. Mwana satuluka yekha. Chifukwa chimene anabisalira sananene, ndipo sindikumukakamiza.

Nambala yanga ndi ya alamu ako zili kuseri kwa pepalali, zazikulu zoti ungaziwerenge uli kutsidya kwa msewu. Imba.

Ndine mkulu wako.

26 Epulo

Okondedwa amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Amayi aakulu ati ndilembe ndekha. Ati akhoza osawerenga, koma ine ndawauza kuti awerenge.

Pepani kuti dzulo ndinathawa mutaimba pa foni ya amayi aakulu. Ndinakabisala kubafa. Anandiuza kuti munalira. Sindinafune kuti mulire.

Ndikufuna ndikuuzeni zoona. Ine ndinadziwa kalekale kuti si inu. Tsiku lina ndinalemba dala kuti mphaka wathu wadwala. Ife tilibe mphaka, ndipo inu amphaka mumadana nawo. Anayankha kuti, "Pepa mwana wanga, umupatse mkaka, inenso ndamusowa." Ndinachita mantha. Ndinaika tabuleti pansi pa pilo n'kukhalira piloyo.

Koma mawa lake ndinayankhanso. Ankandifunsa zimene taphunzira, ndi amene wandiseka kusukulu, ndipo tsiku lotsatira ankakumbukira. Palibe tsiku limene anaiwala. Ndikamawerenga ndinkati si inu. Ndikamvetsera mawu ndinkati ndi inu, mwina mwangotopa n'kuiwala za mphaka. Ndinkaopa kuti ndikawauza amayi aakulu anditengera tabuleti, ndiye sindidzakumvaninso.

Tsiku lotsekera ndinafuna kupita. Ndinaika mswachi m'chikwama. Koma ndinayamba ndasuzumira pa zenera la kalasi. Mayi uja ankayang'ana pa foni yake, kenako nkhope za ana, mmodzimmodzi, ngati mmene amayi aakulu amasankhira tomato kumsika. Sankaoneka ngati munthu amene wabwera kudzatenga mwana wa mnzake. Ndiye ndinakabisala ku matsache.

Zithunzi za geti ndinatumiza ndine. Za diresi yabuluu ndinanena ndine. Apolisi ati si mlandu wanga, koma anthu aja akudziwa pamene timakhala. Galimoto ikaima panja ndimapita kukakhala pafupi ndi makina.

Amayi, musakwiye ndi zimene ndikupempheni. Musandiimbirenso pa foni. Mukalankhula ndimamva ngati ndi iye uja. Ndikudziwa kuti mawuwo ndi anu, koma ndikuwaopa. Muzindilembera makalata, zolemba zanu ndimazidziwa. Ndipo musatume munthu aliyense. Mubwere nokha, mudzaime pafupi, kuti ndizidzakuonani pakamwa mukamalankhula.

Ndine mwana wanu,
Kasingano